Kompyuta ili m'kabati, mwana ali kumbuyo: a hedi a ku Mpanshya afunika thandizo lotani?

Msewu wa Great East umene mumakhalapo pa jamu m'mawa uliwonse pa Munali ndi pa Manda Hill suthera pa Chelstone iai. Upitirira, udutsa Chongwe, Chinyunyu ndi Rufunsa, ndipo mukayenda makilomita pafupifupi 180 kucoka mu tauni mufika ku Mpanshya, kwa mfumu ya Asoli, kumene kuli cipatala ca mishoni ca St Luke's. Kumeneko kukali m'cigawo ca Lusaka. Mwana wa ku Mpanshya alemba pepala la mayeso limodzimodzi ndi mwana wa ku Kabulonga, locokera ku Examinations Council of Zambia, tsiku limodzi, ola limodzi.

Kuyambira mu 2025 boma layamba kugwiritsa nchito silabasi yatsopano, kuyambira ku sukulu ya mkaka, Giredi 1 ndi Fomu 1. Silabasiyi ifuna kuti mwana azionetsa zimene angacite ndi manja ndi mutu wake, osati kuloweza cabe, ndipo iika makompyuta patsogolo. Masankho nawo amabweretsa malonjezo: malaputopu, intaneti, makalasi amakono. Koma pali munthu mmodzi amene sachulidwa pa misonkhano ya ndale, pomwe zonsezi zigwera pa thebulo lake. Ndi mphunzitsi wamkulu, a hedi. Iwo ndiwo asunga kiyi ya cipinda ca makompyuta, ndiwo alemba timetable, ndiwo agawa aphunzitsi m'makalasi. Akapanda kuthandizidwa, zida zonse zija zidzangodya fumbi.

Mungafunse kuti, manje ise a mu tauni zitikhudza bwanji? Zitikhudza maningi. Malasha amene tiphikira malaiti akapita, ambiri acokera ku mbali imeneyo. Mwana amene walephera kuwerenga ku Rufunsa mawa adzatsika basi pa Intercity kudzafuna nchito ya m'nyumba kapena kuitanira mabasi pa siteshoni. Mphunzitsi amene watumizidwa kumeneko ndi mlongo wanu wa ku Mtendere, amene tsiku lililonse alota transfer. Ndipo mavuto a kalasi ya ku Mpanshya ndi omwewo a kalasi ya ku Kanyama ndi ku Chawama, kungoti kumudzi aonekera poyera.

M'kalasi muli ndani?

Maphunziro aulere anayamba mu January 2022, kucokera ku sukulu ya mkaka mpaka Giredi 12. Caka comweco boma linalemba aphunzitsi 30,496. Cinali cinthu cabwino, ndipo ana amene anakhala panyumba cifukwa ca ndalama anabwerera ku sukulu. Koma anabwerera osiyana-siyana. Taganizani Giredi 4 imodzi. Muli mwana wa zaka 9 amene awerenga nkhani yonse bwino-bwino. Pafupi naye pali wa zaka 13 amene anasiya sukulu zaka ziwiri, sadziwa kusiyanitsa b ndi d. Kumbuyo kuli wina amene samva bwino khutu limodzi, ndipo onse amuyesa wamwano cifukwa sayankha. Pali wacialubino amene saona pa bolodi. Pali amene wayenda ola lathunthu osadya kanthu, ndi amene asowa sabata yonse nthawi yolima kapena yokolola. Ku makalasi apamwamba kuli mtsikana amene wabwerera atabereka, monga mwa lamulo la 1997 lolola atsikana kubwerera ku sukulu, ndipo pa 10 koloko afunika kukayamwitsa.

Ndiye pali nkhani ya citundu. Zitundu za m'Zambia zimene ziphunzitsidwa m'masukulu ndi 7: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cisoli palibe. Cigawo ca Lusaka cinapatsidwa Cinyanja. Pansi pa silabasi ya 2013, mwana anali kuphunzira m'citundu ca m'dera kucoka Giredi 1 mpaka 4. Silabasi yatsopano yabweza Cizungu kukhala citundu cophunzitsira kuyambira pansi, zitundu zathu zizithandiza pofotokozera. Conco mwana wa ku Mpanshya amene kunyumba akamba Cisoli kapena Cinsenga akumana ndi Cinyanja ca m'buku, kenaka Cizungu, zonse asanakwanitse zaka 8. Ngakhale mwana wa ku Matero adziwa kuti Cinyanja ca m'buku si cija ca mu basi.

Kondakita wabwino adziwa kuti m'basi mwake wina atsikira pa Northmead, wina pa UNZA, wina pa Hybrid. Sawatsitsa onse pamalo amodzi. Koma m'kalasi timacita zimenezo: phunziro limodzi, liwiro limodzi, amene wagwira wagwira. Zotsatira tinaziona. Pa mayeso a PISA for Development amene ana a zaka 15 analemba mu 2017, ana 5 cabe pa 100 alionse m'Zambia ndiwo anafika pa mlingo woyambira wa kuwerenga, ndipo pa masamu anali pafupifupi 2 pa 100. Awa anali ana amene ali pa sukulu, ovala yunifomu.

Zimene 2015 ndi 2020 zinatiphunzitsa

Amene munali ndi mwana mu Giredi 9 mu November 2015 mukumbukira. Ndi caka cimene ana analemba koyamba mayeso a Computer Studies ogwira pa makina. Masukulu ambiri anali ndi makompyuta ocepa, ana mazana, malaiti nawo ali kuzima-zima. Ana anali kulowa m'magulu, ndipo m'malo ena anatsiriza usiku, makolo ali pa geti ndi matochi. Phunziro linalamulidwa kucokera ku likulu, koma funso lakuti a hedi adzalikwanitsa bwanji silinayankhidwe.

Mu March 2020 masukulu anatsekedwa cifukwa ca COVID-19. Maphunziro anaikidwa pa TV, pa wailesi ndi pa intaneti. Amene anali ndi malaiti, TV ndi ma bundle anapitiriza. Mwana wa m'mudzi wopanda netiweki anakhala cabe. Mu 2024 kolera inacedwetsa kutsegula masukulu mpaka pa 12 February, ndipo caka comweco cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, mu Lusaka momwe malaiti n'kumabwera maola ocepa pa tsiku. Ngati sukulu ya mu tauni inalephera kuyatsa makompyuta, nanga ya kuseri kwa mapiri a Rufunsa?

Si kuno kokha. Dziko la Peru linagawa malaputopu mazana a zikwi kwa ana a m'midzi pansi pa pulogalamu ya One Laptop per Child. Akatswiri atafufuza anapeza kuti ana anaphunzira kugwiritsa nchito makinawo, koma pa masamu ndi kuwerenga sanapite patsogolo. Makina pa okha saphunzitsa. Afunika munthu wodziwa kuti mwana uyu wakakamira pati, ndipo cida ici cimuthandiza bwanji.

Zimene zagwira nchito

Cinthu cimene casintha kwambiri makalasi athu m'zaka zapitazi sicifuna malaiti n'komwe. Ndi Catch Up, pulogalamu ya Unduna wa Maphunziro imene inayesedwa mu 2016 m'masukulu 80 a ku Eastern ndi Southern, kenaka n'kufalikira ku zigawo zina, Lusaka yomwe. Nzeru yake inacokera ku bungwe la Pratham la ku India. Kacitidwe kake n'kosavuta. Mphunzitsi akhala ndi mwana mmodzi-mmodzi kwa mphindi zocepa, amupatsa pepala. Kodi adziwa zilembo? Awerenga liwu? Ndime? Nkhani yonse? Akatero, ana a Giredi 3, 4 ndi 5 asakanizidwa n'kugawidwa m'magulu malinga ndi pamene afika, osati malinga ndi giredi. Kwa ola limodzi pa tsiku gulu lililonse liphunzira pa msinkhu wake, ndi timitengo, tumiyala, makhadi ndi kulemba pansi. Pakapita nthawi ayesedwanso, amene wakwera asamukira ku gulu lina.

Onani kuti apa nchito yaikulu ili kwa a hedi. Ola limenelo licoka kuti, pa sukulu imene ana ena alowa m'mawa, ena masana, cifukwa zipinda n'zocepa? Ndani atenga gulu la oyamba kumene, limene lifuna mphunzitsi woleza mtima koposa? Mphunzitsi mmodzi akapita ku boma kukatenga malipiro, magulu atatu aja asamalidwa ndi yani? Pa sukulu pamene a hedi amvetsa pulogalamuyi, ola limapezeka. Pamene sanaimvetse, imakhala ya pa pepala, yocitika tsiku limene alendo abwera.

Makina nawo ali ndi mbiri yabwino akagwiritsidwa mwanzeru. Akulu-akulu akumbukira Taonga Market, maphunziro a pa wailesi amene anayamba mu 2000. Wailesi imodzi, mlangizi mmodzi wa m'mudzi, ana ambiri amasiye amene analibe mwai wa sukulu anaphunzira kuwerenga. Ku Katete, Sinda ndi Petauke, bungwe la Impact Network laphunzitsa m'masukulu a m'midzi ndi tabuleti ndi pulojekita zoyendera sola, mphunzitsi n'kumacezeredwa kawiri-kawiri ndi womulangiza. Cinsinsi cake cili pa kulangizako. Anzathu a ku Malawi kuyambira mu 2023 ayamba kuika matabuleti a sola m'masukulu a boma pansi pa pulogalamu ya BEFIT, mwana aliyense aphunzira kuwerenga ndi masamu pa liwiro lake m'Cicewa. Citundu cimeneco ndi cathu comwe. Unduna wathu ungapite kukaona zimene zayenda ndi zimene zavuta, ulendo wake ndi wa basi imodzi kudzera pa Mwami.

Kusankha cida coyenera

Wina akabwera ndi mphatso ya makompyuta 20 akale a pa desiki, a hedi ambiri aombera m'manja, cifukwa kukana mphatso n'kovuta. Koma kompyuta ya pa desiki ndi sikirini yake idya mphamvu yopitirira mawati 100, pomwe tabuleti pochaja idya mawati 10 kapena kupitirirako pang'ono. Sola imene ingayendetse makompyuta awiri ingachaje matabuleti a kalasi lonse. Hedi wophunzitsidwa afunsa mafunso amenewa asanasaine: cidya malaiti ocuruka bwanji, cikafa akonza ndani, batire ikatha mphamvu pambuyo pa zaka zingapo tigula ndi ndalama iti?

Cinanso, si zonse zifuna intaneti. Pali mapulogalamu aulere monga Kolibri amene aikidwa pa kompyuta imodzi, matabuleti ena n'kumatengako maphunziro popanda bundle. Unduna uli ndi Learning Passport, imene unakonza pamodzi ndi UNICEF. Starlink inafika m'Zambia mu October 2023 ndipo igwira ngakhale kumene kulibe tawa, koma ili ndi bilu ya mwezi ndi mwezi. Amene aigulira sukulu anene poyera kuti mwezi wa 13 alipira ndani.

Kwa mwana wolemala, foni wamba ya Android ili kale ndi zothandiza zimene ambiri sitizidziwa. Ikulitsa zilembo, ijambula bolodi kuti wosaona patali ayang'ane pafupi, ili ndi TalkBack imene iwerenga mokweza zolembedwa pa sikirini. Pa kompyuta pali NVDA, yaulere, imene akhungu ambiri agwiritsa nchito. Mphunzitsi angajambule mau ake akufotokoza phunziro m'Cisoli, mtsikana woyamwitsa kapena mwana amene anadwala n'kukamvetsera pa foni ya kunyumba. Zina sizifuna foni olo pang'ono: kukhazika wacialubino kutsogolo, kutali ndi dzuwa la pa windo, kulemba zilembo zazikulu, kuyang'ana ana pokamba kuti wosamva aone milomo. Lamulo la anthu olemala la 2012 linena kuti mwana wolemala asatsekeredwe kunja kwa maphunziro. Koma lamulo silikhazika mwana pa desiki yakutsogolo. Acita zimenezo ndi mphunzitsi amene a hedi amukumbutsa.

A hedi athandizidwe bwanji?

Coyamba ndi maphunziro. Ambiri anakwezedwa cifukwa anali aphunzitsi abwino kapena akhalitsa pa nchito. Kuyendetsa sukulu ndi luso lina. Yunivesite ya Chalimbana, imene kale inali koleji yophunzitsa aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ili ku Chongwe, pa msewu womwewu. ZAMISE, imene iphunzitsa za ana olemala, ili mu Lusaka. Palibe cifukwa cakuti hedi wa ku Rufunsa akhale zaka pa mpando osapitako olo sabata ziwiri pa holide. Ndipo maphunzirowo asakhale a mu hotela, a alawansi ndi cakudya ca masana, munthu n'kubwerako ndi cikwama cabe. Akhale ogwira: bwerani ndi timetable yanu, tipezere limodzi ola la magulu.

Caciwiri, njira zilipo kale, zingofuna mafuta. Masukulu athu ali m'mazoni, ali ndi misonkhano ya aphunzitsi ya pa temu pansi pa SPRINT, ali ndi malo a zipangizo a pa zoni ndi a pa boma. Ofesi ya DEBS ili ndi oyendera masukulu. Koma boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, ndi lalikulu, la mapiri, midzi ili patali-patali m'madera a mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Mvula ikagwa misewu ina siipitika. Woyendera masukulu wopanda mafuta a njinga yamoto ndi mlembi wa mu ofesi cabe. Apa gulu la WhatsApp la mahedi a pa zoni lingathandize, ngati ligwiritsidwa pofunsana nzeru, osati kungolandirirapo malamulo a "tumizani lipoti lero lomwe".

Cacitatu ndi kucepetsa mtolo. Masiku ano kulembetsa ana mayeso ndi kutumiza mamakisi a pa sukulu ku ECZ zicitika pa intaneti. Kwa hedi wa mu tauni ndi nchito ya masana amodzi. Kwa wa kutali ndi netiweki ndi ulendo, ndalama ya transport ndi ma bundle, kalasi n'kutsala lopanda mphunzitsi, popeza mahedi ambiri a kumudzi aphunzitsanso. Makina afunika kumupepukitsira nchito. Ngati alemba pa pepala kenaka alembanso zomwezo pa kompyuta, tamuonjezera katundu. Mafomu akhale olembeka popanda netiweki, odzitumiza okha foni ikagwira. Ndipo zimene atumiza zizibwerera kwa iye zomuthandiza: ana angati mu Giredi 3 akali pa zilembo, ndani wasowa masiku 10 mwezi uno. Hedi akadziwa zimenezi msanga apita kwa a nduna a mudzi mwana asanakwatiwe kapena kulowa m'thengo kukaocha malasha. Asamalenso zinsinsi. Dzina la mwana, matenda ake ndi cithunzi cake si zoponya pa gulu lililonse, ndipo dziko lili ndi lamulo loteteza zimenezi kuyambira mu 2021.

Cacinai ndi ndalama. CDF inali K1.6 miliyoni pa dera la MP mu 2021, inakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni. Yamanga makalasi ndi kugula madesiki, zimene zioneka ndi maso ndipo zijambulika bwino. Koma sola ya pa sukulu, kabati yolimba yochajiramo, kanjira ka njinga ya olemala, cimbudzi cimene mwana wa ndodo angalowe, nazonso zingapemphedwe kudzera ku Ward Development Committee. Hedi afunika womuthandiza kulemba pempho lomveka. Ndalama ya grant imene boma litumiza ku masukulu m'malo mwa mafizi izifika pa nthawi, ndipo muzikhala gawo lokonzera zida. Cimene cinacitika mu 2025, pamene America inadula thandizo la USAID, citikumbutse kuti pulogalamu yodalira mlendo imatha tsiku limene mlendo wanyamula cikwama.

Cacisanu, ticotse mantha. Cifukwa cimene makompyuta akhalira m'kabati si ulesi nthawi zonse. Hedi adziwa kuti cida cikasweka kapena kubedwa, ofufuza za cuma ca boma adzafunsa iye. Ndiye aona kuti ndi bwino cikhale cokhoma, cizipezeka pa kuwerenga katundu. Unduna unene momveka kuti tabuleti yosweka m'manja mwa mwana ali kuphunzira si mlandu, ndipo woyendera sukulu azifunsa kuti yagwira nchito maola angati, osati kuti ilipo kapena kulibe cabe.

Pali otsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Ati mukamba za matabuleti pomwe ana akhala 80 kapena 100 m'kalasi, mabuku a silabasi yatsopano sanakwane, nyumba za aphunzitsi kulibe? N'zoona. Ngati ndalama ili yosankha pakati pa mphunzitsi ndi makina, tengani mphunzitsi. Ngati ili pakati pa phala la ana ndi intaneti, phikani phala. Koma kugawa ana m'magulu sikufuna ndalama zambiri, ndipo foni ili kale m'thumba la mphunzitsi. Kuyembekeza kuti zonse zikwane ndiye tiyambe, ndi kuuza mwana amene ali mu Giredi 3 lero kuti nthawi yake inapita. M'mera mpoyamba. Mwana amene watuluka Giredi 4 osawerenga, zaka zotsatira angokhala mlendo m'kalasi mwake.

Imwe makolo, ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musamangofunsa za yunifomu ndi mpanda. Funsani kuti ana a Giredi 3 amene awerenga nkhani ndi angati, ndipo otsala athandizidwa ola liti. Funsani kuti makompyuta amene tinaona pa mwambo wolandira ali kuti, anayatsidwa liti komaliza. Ngati muli ndi mwana wa m'bale wanu wocokera kumudzi, mupatseni nyuzipepala ino awerenge ndime imodzi mokweza, mudziwe pamene ali, musamuseke. Ndipo ofuna mavoti akabwera ndi lonjezo la laputopu, afunseni zitatu: malaiti acoka kuti, akonza ndani, a hedi muwaphunzitsa liti. Amene ayankha zitatuzi waganizapo za mwana wa ku Mpanshya. Amene ayamba kukamba zina, mudziwe kuti laputopu yakeyo ipita m'kabati.